Gologolo ndi Mlandu wa Mtedza wa Masiye

Padangokhala Gologolo, ndipo njala idakhala naye limodzi m'mphako imodzi. Unali mwezi wa Okutobala, masuku asanapse, matowo atauma kalekale, tchire lonse litapsa ndi lupsa. Gologolo adaonda mpaka mchira kumaoneka ngati wobwereka kwa mkulu wake.

Zaka zonse m'nyengo ngati imeneyi amene ankamupulumutsa anali a Nguluwe, mlimi wa mtedza wa kutsidya kwa khwawa. Anali munthu wa mtima wofewa ngati nyama ya papaya. M'mawa uliwonse akamapita kumunda ankasiya kamtedza kodzaza chikhatho pachitsa cha m'malire, osaitana munthu, osayang'ana m'mwamba. Gologolo ankatsika n'kudya, osathokoza, poti mumtima mwake ankati akuba.

Koma chaka chimenecho a Nguluwe adangomaliza kuunga mizere m'munda monse, n'kudwala masiku atatu, basi n'kutisiya. Adasiya munda wolimalima wongodikira mvula, nkhokwe yodzaza ndi mtedza wa chalimbana mpaka kudenga, mkazi wawo Nankhoma, ndi mwana mmodzi wamwamuna dzina lake Chidothi. Panalinso Njiri, mwana wa mlongo wawo, amene adakulira pakhomo pomwepo. Nankhoma adabwera m'mudzimo mwa chitengwa, ndiye kwawo kunali kutali, ndipo kudali kutatha anthu.

Tsiku lometa maliro litadutsa, Gologolo adakwera padenga la nkhokwe kukanunkhiza. Pansi pake Chidothi ndi Njiri adali atakhala pamphasa, akunyogodolana monga amachitira asuweni.

"Iwe Njiri, njerewere zili kumasozo ukagawane ndi ana ako, zimenezo ndiye chuma chako."

"Choka iwe, mimba ngati mtsuko. Tamva: mbewu tiwapatulire azakhali, chotsalacho tidulane pakati. Munda tizilima tonse monga kale."

"Zomwezo. Mawa tiphwasule."

Padenga paja Gologolo adamva zonse. Nkhokwe ikagawidwa mwamtendere, gologolo amapezapo chiyani? Makoko.

Masana omwewo adamupeza Chidothi kudambo akudzigudubuza m'thope.

"Pepani ndi zovutazi, achimwene. Komatu ine ndili ndi funso. Mizere ija adaunga ndani?"

"Bambo ndi ine."

"Nanga Njiri anali kuti?"

"Ankadwala msana."

"Msana! Msana wodwala pa khasu, wochira pa nkhokwe. Kodi bambo anu sadakuuzenipo kuti zonsezi n'zanu?"

Chidothi adadzuka m'thope muja. "Adandiuzadi, chaka chatha pokumba."

"Ndiye mukufuna kuwanamiza malemu ali m'manda? Ine n'kadakhala inu bwenzi nditapita kubwalo. Musaope zoyankhula, pakamwa ndikubwerekani ine."

"Nanga chabwalo? Nanga inuyo ndikulipirani chiyani? Ine ndilibe ngakhale nkhuku."

"Inu musatulutse kanthu," adatero Gologolo akusisita ndevu. "Zimenezo ndisiyireni."

Dzuwa lisanapendeke adali atamupezanso Njiri akunola mano pamwala.

"Pepani ndi zovutazi, achimwene. Komatu ine ndili ndi funso. Kwathu kuno munthu akamwalira, amalowa m'malo mwake ndani, mwana wa mkazi wobwera kapena mwana wa mlongo?"

"Mwana wa mlongo."

"Nanga dothi lija n'la mbumba ya yani?"

"Yathu."

"Kodi amalume anu sadakuuzenipo kanthu?"

"Adandiuza pamowa kwa a Njati kuti zonse n'zanga. Koma anali atamwa."

"Munthu akamwa ndiye amanena za mumtima. Tiyeni kubwalo. Inu musatulutse kanthu."

Zoona zake n'zakuti a Nguluwe adawalonjezadi onse awiri. Sankatha kuona nkhope ya munthu itagwa. Aliyense amene wakhala nawo pafupi ankamuuza kuti, "Zonsezi n'zako, mwanawe." Adalonjezapo ngakhale Fulu wodutsa m'njira.

Bwalo linkakhala patsinde pa mkuyu, ndipo woweruza anali gogo Nang'omba, mbalame yakuda ya pakhosi pofiira, yoyenda ngati ikuperekeza mkwati. Sanali munthu woipa. Kungoti ankakonda masese, ndipo mlandu ukatalika ankatseka maso n'kumati akuganiza.

"Wodandaula ndani?" adafunsa gogoyo.

"Ine!" adatero Chidothi.

"Ine!" adatero Njiri.

"Womuyankhulira Chidothi ndani?"

Gologolo adasuzumira kum'mawa kwa thunthu la mkuyu. "Ndine pano, gogo."

"Nanga womuyankhulira Njiri?"

Gologolo adazungulira thunthu lija, fyuu, n'kutulukira kumadzulo. "Ndine pano, gogo."

Asuweni aja adayang'anana. Koma aliyense adakumbuka zimene adanong'onezedwa m'mawa mwake: "Mukandiona ndikumuyankhulira mnzanuyo musadandaule. Kumeneko ndizingopereka pakamwa, mtima uli kwa inu." Ndiye onse awiri adamwetulira chamumtima, aliyense akumumvera chisoni mnzake.

"Tisanalowe m'nkhani," adatero Nang'omba, "chabwalo chikhale pansi apa. Mwambo wake amapereka ndi wodandaula. Lero odandaula alipo awiri, ndiye sindikudziwa."

Gologolo adatsika n'kuima pakati pa bwalo, manja kumbuyo.

"Gogo, ndifunse. Mwana akagwa m'mbuna, amalipira ndi mwana kapena wokumba mbuna?"

"Wokumba."

"Anyamatawa sadayambane okha. Adawakumbira mbuna ndi malemu, polonjeza chinthu chimodzi kwa anthu awiri. Wolakwa ndi malemu, ndiye wolipira akhale malemu. Chabwalo chichoke m'nkhokwe mwawo. Cha woyankhulira Chidothi chichoke m'nkhokwe mwawo." Adathamanga n'kuzungulira mtengo. "Mbali inonso tikuvomereza, gogo. Aka n'koyamba kugwirizana ndi mnzanga wa kum'mawayo."

Anthu adaseka, ena kuwomba m'manja. Chidothi adamugunda Njiri ndi chigongono asanakumbuke kuti ndi adani. Mlandu waulere! Wolipira ali m'manda, sangadandaule.

Kumbali ya azimayi kudamveka kamawu kotsika. Anali Nankhoma, atagwada, duku lakuda kumutu.

"Pepani gogo, ine si wodziwa za milandu. Ndimangofunsa: mbewu ya chaka chino ili m'nkhokwe momwemo. Tingayambe tapatula?"

"Ayi mayi, ayi!" adalumpha Gologolo. "Chuma cha mlandu sachikhudza. Mukapatula lero, mawa wina adzati mwakondera. Mbewu idikire chigamulo. Mlandu suwola."

"Mlandu suwola," adavomera Nankhoma, "koma mvula siidikira." Adanena motsitsa kwambiri moti adamva ndi okhawo amene adakhala naye pamphasa.

Ndipo Nang'omba adagamula motere: bwalo likakhala, dengu limodzi la chabwalo, awiri a woyankhula. Munda nawo adautseka. Adatuma anthu kukamanga mfundo za udzu m'ngodya zonse zinayi, n'kulengeza kuti: "Wa chiboda, wa chikhadabo, wa phiko, aliyense woponda m'mundamo mlandu usanathe adzabweza zonse zimene mlanduwu udye, kuyambira dengu loyamba." Lamulo limenelo adalipempha ndi Gologolo yemwe, kuopa kuti asuweniwo angakumane kumunda n'kuyamba kugwirizananso.

Madzulo ake Nankhoma adatapa madengu atatu. Mtedza wa m'madengu awiri a Gologolo aja adauswa yekha, n'kuukazinga ndi kamchere, poti pakhomo pake mlendo sankapatsidwa chosaphika. Gologolo adadya mpaka maso kutuzuka. Adadya cham'mawa, adadya masana, mchira udayamba kubwerera mwini wake. Koma mimba ya gologolo ndi kachibakera. Wotsalawo adauthira m'mphako, mphako n'kudzaza, iye kumagona pakhomo miyendo ili panja. Tsiku lachitatu adapeza Nyani atapisa dzanja mpaka m'phewa.

"Ndimaona ngati muli bwino, aloya," adatero Nyani masaya ali tutumu.

Apa Gologolo adaganiza kwambiri. Madengu akubwera ndi ambiri. Abise kuti, kumene Nyani sangafike, kumene Chitute sangafukule? Adayang'ana kutsidya, n'kuona mfundo za udzu zikugwedezeka ndi mphepo. Adaseka mpaka kugwa panthambi. M'dziko lonselo munali malo amodzi okha amene nyama iliyonse inkaopa kupondamo, ndipo mpanda wake adaumanga yekha ndi pakamwa. Dothi lake lofewa, loungidwa kale, losafuna ndi khasu lomwe.

Bwalo lachiwiri Gologolo wa kum'mawa adati pakufunika mboni. Gologolo wa kumadzulo adakana mwaukali, kenako n'kugonja. Mboni yake inali Fulu, amene ankakhala kuseri kwa phiri. Adamudikira masiku asanu, ndipo tsiku lililonse bwalo linkakhala kuti lione ngati wafika. Likakhala, madengu atatu.

Fulu atafika adapempha madzi, n'kupuma, n'kupemphanso madzi.

"Kodi mudamva malemu akulonjeza chuma chawo?" adafunsa Nang'omba.

"Ndidamva."

"Kwa yani?"

"Kwa ine."

Bwalo lidasokonekera. Gologolo adati nkhani yakula, ikufunika kuiona bwino. Madengu atatu.

Tsiku limenelo, popita kukatenga malipiro ake, adapeza Nankhoma atakhala pakhonde akuswa mtedza m'lichero. Mayiyo adamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumchira, ndipo maso ake adaima pamenepo.

"A Gologolo, tabwerani kuno. Mchira wanu wafiira."

Gologolo adacheukira mchira wake. Katondo wofiira chotero m'dera lonselo ankapezeka m'munda umodzi wokha.

"Ndi fumbi la m'njira, mayi."

"Eya, njira za masiku ano," adatero Nankhoma. Adatenga kansanza, n'kumupukuta mchira bwinobwino ngati mwana wopita kutchalitchi. "Munthu woima pamaso pa anthu aziwoneka bwino. Komanso mundikhululukire, nkhuni zandithera. Kuyambira lero ndizikupatsani wosakazinga. Ndizingokuswerani kuti mano asamapweteke."

"Palibe kanthu, mayi, wauwisi umasungika."

"Umasungikadi. Kungoti malemu ankati mtedza ukaunjikana malo amodzi umatentha n'kuwola. Komanso wakuba akapeza pamodzi ndiye wapeza zonse. Iwo akafuna kubisa kanthu ankamwaza, pano pang'ono, apo pang'ono. Kaya, ndi nkhani za okalamba."

Gologolo adasenza dengu akuseka chamumtima. Mayi wachifundo ngati uyu, kumudyera nkhokwe iye n'kumakuswera! Adaonanso kuti mtedza wa m'madengu ake unali wosankhidwa, waukuluukulu, wopanda wofumbwa ngakhale umodzi, pamene dengu la gogo Nang'omba linkadzaza ndi mphwephwa. "Amandilemekeza," adadziuza. Ndipo nzeru ya malemu ija adaitola. Dzenje lalikulu limene adayamba kukumba adalifotsera. Adayamba kuyenda pamwamba pa mzere: kukumba pang'ono, kuponya mtedza umodzi, kukwirira, kudumpha kamodzi, kukumbanso. Ankachita zimenezi dzuwa lili paliwombo, nyama zonse zili m'mithunzi. Thukuta linkachita kuyenderera, msana kuwawa, zikhadabo kutha. "Chuma sichibwera chogona," ankatero akupuma pamapeto pa mzere.

Nkhani ya Fulu itazizira, Gologolo wa kumadzulo adati munda uyezedwe, kuti bwalo lidziwe kukula kwa chimene akukanganirana. Gologolo wa kum'mawa adati woyeza akhale munthu wosapupuluma, woganizira phazi lililonse asanaliponde. Adasankha Birimankhwe. Iye adayamba kuyenda m'malire Lolemba, phazi kutsogolo, phazi kubwerera, diso lina kumwamba lina pansi. Pofika Lachisanu adali asanafike pangodya yoyamba, ndipo adati waiwala chiwerengero, ayambirenso.

Asuweni aja tsopano sankapatsana ndi moni. Chidothi ankadzera njira ya kumtunda, Njiri ya kumunsi. Koma Nankhoma ankawaphikira onse awiri, mbale ziwiri zofanana, ina kuika kuseri kwa nyumba, ina kukhonde, kuti aliyense adye osaona mnzake.

Tsiku lina Chidothi adamukoka Gologolo pambali.

"Akulu, nkhokwe ija ikamagogodedwa yayamba kuyankha. Kodi zitha liti?"

"Mwatsala pang'ono kupambana. Mukufuna kusiya nyama itagwa kale? Ndipo inu mwatulutsapo chiyani?"

"Palibe."

"Ndiye mukudandaula chiyani? Akulipira ndi malemu."

Njiri naye adafunsa funso lomwelo, n'kulandira yankho lomwelo, n'kupita kwawo atakhutira.

M'mawa wina gogo Nang'omba adadzuka n'kuyamba kuguguda pakhosi, hu-hu, hu-hu-hu, monga amachitira a mtundu wawo mvula ikayandikira. Kum'mawa kudada bii. Tsiku lomwelo Nankhoma adalowa m'nkhokwe ndi tsache, n'kusesa dengu lomaliza, losadzaza n'komwe. Adalipereka kwa Gologolo ndi manja awiri.

"Latha, bambo."

"Zikomo mayi. Mulimbe mtima, chilungamo chili pafupi."

Adathamanga nalo kumunda, n'kukwirira mofulumira mphepo ikuwomba. Madontho oyamba adamupeza akudumpha malire.

Idagwa mvula masiku atatu, yosaphokosera, yolowa pansi. Gologolo adakhala m'mphako akuwerengera za mawa. Mlandu autseka sabata ino, poti nkhokwe yauma. Anthu akamadzalira njala mu Januwale, iye azidzangotsika, kufukula kamodzi, kudya, kukwera. Mwina adzakwatiranso.

Patapita sabata, kudacha kowala, ndipo adamva phokoso kutsidya. Adakwera pansonga pa mtengo kuti aone. Adapukuta m'maso. Adapukutanso.

Munda wa malemu Nguluwe udali biriwiri. Mzere uliwonse, kuyambira kumtunda mpaka kumunsi, timasamba ta mtedza tidali titatukula dothi, motalikirana bwino ngati poyeza ndi chingwe. Alimi a m'deralo adaima m'malire manja ali pakamwa.

"Ine chibadwire sindidaone kubzala kolongosoka chonchi," adatero Njati. "Phando lililonse mtedza umodzi!"

Gologolo adatsika mtengo chamutu. Adafuna kulowa kuti afukule, koma m'malire monse mudali maso. Ndipo afukule chiyani? Mtedza ukamera suli mtedzanso.

Nang'omba adaitanitsa bwalo pomwepo, m'mphepete mwa munda, pafupi ndi chitsa chija.

"Ndidatseka munda uwu pamaso pa nonsenu," adatero. Tsiku limenelo maso ake adali otsegula onse awiri. "Wabzala ndani? Chidothi?"

"Ine ayi, gogo. Yang'anani ziboda zanga. Ndikadaponda ine, mizere ikadaphwasuka."

"Njiri?"

"Ine msana, gogo, aliyense akudziwa."

"Nankhoma?"

"Ine mbewu ndikadaitenga kuti? Yonse idapita ku mlandu."

"Ndi wanga!"

Mawuwo adatuluka okha, Gologolo asanawalole. Bwalo lonse lidatembenuka.

"Mwati bwanji, a Gologolo?" adafunsa Nang'omba mofatsa. "Wanu? Ndiye kuti mudaponda m'mundamu? Poti ngati mudaponda, lamulo lija mukulidziwa, mudalipempha nokha. Mubweza zonse zimene mlandu wadya. Madengu anu, ndi anga omwe, amene ndidamwera kale."

Gologolo adayang'ana munda. Adayang'ana mano a Njiri, onoledwa dzulo. Adayang'ana Chidothi, amene adali atayamba kupuma mwamphamvu ngati mvukuto. Akati ndi wake, abweza nkhokwe yathunthu imene alibe, ndipo asuweniwa amupondaponda asanamalize kufotokoza. Akati si wake, thukuta la mwezi wathunthu lapita. Adayang'ana kwa Nankhoma, yekhayo amene adaona mchira wofiira. Mayiyo adali akuthothola chisoso pachitenje chake, osadzutsa mutu.

"Ndimati... ndi wanga udindo wofotokoza, gogo," adatero Gologolo. "Nkhaniyi ndi yoonekeratu. Wamoyo aliyense adaletsedwa kulowa. Palibe wamoyo adalowa. Ndiye wabzala ndi amene lamulo silimukhudza."

"Malemu!" adafuula wina kumbuyo.

"Malemu," adavomera Gologolo, misozi ili m'maso. Anthu adaganiza kuti akulira maliro.

"Nanga mnzanu wa kumadzulo akuti bwanji?" adafunsa Nang'omba.

Panalibe mtengo woti azungulire. Gologolo adangotembenuka pomwepo n'kuyang'ana kumadzulo. "Nayenso akuvomereza."

Chidothi adagwa pansi n'kuyamba kulira. "Bambo adzuka m'manda kudzabzala, ife tili pa mkuyu kulimbirana!" Njiri naye adagwetsa nkhope, n'kukhala pansi pafupi ndi msuweni wake, mapewa kugundana.

Nang'omba adakonza pakhosi. "Mboni yomwe tinkaisowa ija yayankhula yokha. Mwamuna akabzala, amabzalira mkazi wake kuti apalire. Nankhoma sachoka pamudzi pano, munda ndi mbewu zili m'manja mwake mpaka tsiku lake. Anyamata inu muzimuthandiza kupalira, mukafuna kudya. Za nkhokwe, poti n'zimene mudabweretsa kubwalo, mugawane pakati monga mwa chilungamo. Wina atenge denga, wina atenge miyendo."

"M'kati mwake muli chiyani?" adafunsa Njiri.

"Mphepo," adayankha Chidothi akupukuta misozi. "Utenge yonse, msuweni, ndiwe mwana wa mlongo."

"Ayi, tenga ndiwe, udaikhetsera thukuta."

Anthu adayamba kubalalika akuseka. Koma Gologolo ndi Gologolo. Adathamangira kutsogolo kwa woweruza.

"Gogo, pepani. Bwalo lakhala lero, ndipo ndayankhula mbali zonse ziwiri. Madengu anga awiri?"

Nang'omba adamuyang'ana nthawi yaitali ndi diso limodzi.

"Mudatiphunzitsa nokha kuti wolipira ndi malemu. Manda mukuwadziwa. Ndipo poti ayamba kudzuka masiku ano, mwina muwapeza ali maso."

Gologolo adabwerera kumphako wopanda kanthu. M'katimo mudali makoko amene adasiya Nyani, ndi njala ija, itakhala pamalo pake ngati sidachokepo. "Mwabwera?" idatero.

M'mawa mwake adatsika mwachizolowezi chakale, miyendo ikungomutenga, mpaka pachitsa cha m'malire. Adaima. Pachitsapo padali kamtedza kodzaza chikhatho, kokazinga, kothira mchere, kadakali kofunda. Chapafupi Nankhoma adali atawerama akuzula udzu woyamba.

"Idyani, bambo," adatero osatembenuka. "Ndi kamene ndidapatula padengu la gogo. Malemu adandiuza kuti pachitsa pasamakhale popanda kanthu. Ankati kamnzathu kaja kamanyada, sikangapemphe."

Gologolo adadya konse. Atatha adanyambita zala, n'kukonza pakhosi.

"Nkhuni zapezeka tsopano, mayi?"

"Zapezeka."

Nankhoma adazula udzu wina, n'kuukung'untha dothi, n'kuuponya m'khwawa.

"Kungoti mukadzakumana nawo malemuwo," adatero mayiyo ndi mawu ake otsika aja, "mudzawauze kuti ntchito adagwira yabwino, Mulungu awadalitse. Koma mizere iwiri ya kumunsi kwenikweni adaidumpha."

Chaka chimenecho mtedza udabereka mpaka kumanga nkhokwe yachiwiri. Anthu a m'deralo mpaka lero amatsutsana kuti mlandu uja adalipira ndani. Ena amati malemu, poti nkhokwe inali yawo. Ena amati asuweni, poti adagawana mphepo. Gogo Nang'omba, amene yekha adadya zake n'kupukuta pakamwa, amati nkhaniyo ndi yovuta, ikufunika bwalo likhalenso.

Gologolo sayankhapo. Mukadzamuona akukwirira kanthu pansi, n'kuima, n'kuyang'ana kumwamba mchira uli njenjenje, musadzamufunse za milandu. Akuyang'ana mitambo.

Kaphuleni mtedza uli pamotowo, wa ife amoyo ungapserere.